Bere latupa koma chotupa palibe: ingakhale khansa?

Funso: Zikomo anamwino. Mkulu wanga ali ndi zaka 38 ndipo anasiya kuyamwitsa kalekale. Mwezi wathawu bere lake lamanzere linayamba kutupa, kutentha ndi kulemera. Kuchipatala chaching'ono anamupatsa maantibayotiki, wamaliza onse koma sizikusintha. Timamva kuti khansa imayamba ndi kachotupa kolimba, koma iye alibe. Amayi akuti tipite kwa asing'anga. Titani? Mng'ono wake, Santhe, Kasungu.

Yankho: Achemwali, kalata yanu yandidetsa nkhawa, ndiye sindizungulira. Sindinamuone mkulu wanu, mwina ndi matenda wamba a bere. Koma pali khansa ina ya m'mawere, madokotala amaitchula kuti inflammatory breast cancer, yomwe kawirikawiri sibwera ndi chotupa chogwirika. Siichulukachuluka: ku America, pa odwala khansa ya m'mawere 100, amene amapezeka nayo ndi pakati pa mmodzi ndi asanu. Vuto lake ndi liwiro. Imatseka timitsempha ta madzi ta m'khungu la bere, choncho m'masabata ochepa bere limafufuma n'kuposa linzake.

Mukamuone bwino masana, pa kuwala. Khungu limakhuthala n'kukhala ndi timaenje ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere imatha kulowa mkati, ndipo m'khwapa mumatuluka mwanabere. Mabuku amati bere limafiira, koma pa khungu lathu lakudali kufiirako nthawi zambiri sikuoneka, pamangothimbirira. Ichi chimasokeretsa anthu ambiri, ngakhale ife a zaumoyo.

Chandiopsa kwambiri n'chakuti sakuyamwitsa, komanso mankhwala atha osathandiza. Bere lotupa ndi tizilombo limayamba kuphwa pakatha sabata imodzi kapena masiku 10 munthu akumwa maantibayotiki. Likapanda kutero, asangowonjezera mapiritsi ena. Pafunika kudula kachidutswa ka khungu kapena ka mnofu wa bere kuti kakapimidwe.

Khansayi ikamadziwika imakhala itafika kale pa siteji 3 kapena kupitirira (khansa ili ndi masiteji anayi, womaliza ndiwo woopsa kwambiri), ndipo mwa odwala atatu, pafupifupi mmodzi imakhala itafalikira ku ziwalo zina monga mafupa, mapapo kapena chiwindi. Ku America komweko, pafupifupi anayi mwa odwala 10 amakhala ali moyo pakatha zaka zisanu, ndipo amene apezeka nayo isanafalikire ndiwo amakhala ndi mwayi wokulirapo. Chithandizo chimayamba ndi mankhwala amphamvu a khansa odzera m'diripi, kenaka opaleshoni yochotsa bere, pomaliza radiotherapy, chithandizo chootcha khansa ndi cheza champhamvu chochokera m'makina.

Amayi muwalankhule mwaulemu, nawonso ndi mantha omwewo. Koma mkulu wanu asalole kutemera mphini pa berelo, zimangobweretsa zilonda nthawi n'kumatha.

Sabata ino mupite naye ku chipatala chachikulu cha Kasungu, mutanyamula buku lake la kuchipatala. Mukafotokoze tsiku limene bere linayamba kutupa ndi mankhwala amene wamwa, ndipo mukapemphe kuti ngati n'koyenera amutumize ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene amathandiza odwala khansa.