Mtengo ukafiira, tizilombo tasamuka kale

Funso: Ndinaona pa TV nkhalango za ku Germany zitauma mapiri athunthu, akuti chifukwa cha tizilombo ta m'makungwa. Kachilombo kangaphe bwanji chimtengo chachikulu chotero? Nanga ine amene ndili ndi mahekitala awiri a paini, ndide nkhawa?
Wowerenga wa ku Dedza

Yankho: Kachilomboko ndi Ips typographus, kokhala ngati nankafumbwe, kotalika mamilimita 4 kapena 5 basi. Kamakonda spruce, mtengo wamatabwa umene ku Germany ndi ku Czech Republic anaudzala wokhawokha m'minda ikuluikulu. Kalipo kuyambira kalekale. Chimene chinasintha ndi chilala cha 2018, chomwe chinabwereza mu 2019 ndi 2020. Pofika 2021 dziko la Germany linali litataya nkhalango pafupifupi mahekitala 500,000.

Mtengo womwa madzi okwanira umadziteteza ndi utomoni. Kachilombo kakangoboola khungwa, utomoni umatuluka n'kukamiza pomwepo. Pa chilala mtengo umatseka timabowo ta m'masamba kuti usataye madzi, ndipo ukatero chakudya sichipangika, utomoni nawo umachepa. Kachilombo kamphongo kamalowa mosavuta n'kutulutsa fungo loitana tinzake, timabwera mazanamazana. Takatikazi timakumba tinjira kunsi kwa khungwa n'kuikira mazira, kamodzi mpaka 50 kapena kuposa. Mphutsi zake zimadya kamnofu kofewa ka pakati pa khungwa ndi thabwa, momwe mumadutsa chakudya kuchoka kumasamba kupita kumizu. N'chimodzimodzi munthu kusenda khungwa kuzungulira tsinde lonse. Tizilomboti timabweranso ndi chuku chimene chimatseka misempha ya madzi n'kusiya thabwa lili bii ngati labuluu, moti ogula matabwa amanyinyirika nalo.

Kutentha ndiye kumaonjezera moto. Tizilomboti timayamba kuuluka kukafunda kupitirira madigiri 16, ndipo dzira limasanduka kachilombo kouluka pa milungu 6 mpaka 10. Chaka chozizira timaswana kamodzi kapena kawiri. Mu 2018 madera ena tinaswana katatu.

Pamene ambiri amaphonya m'pomwe pali mutu wa nkhaniyi: amathamangira kudula mtengo wofiira. Umenewo tizilombo tatulukamo kale, tili mumtengo wobiriwira wapafupi. Alangizi a zankhalango ku Germany amayendera mitengo sabata iliyonse nyengo yotentha, maso ali pansi, kufunafuna kautuchi kofiirira ngati khofi wopera pa tsinde, m'ming'alu ya khungwa, ngakhale pa ukonde wa kangaude. Mvula ikagwa kautuchiko kamakokoloka, ndiye amayendera kukakhala kouma. Agogomole akayamba kugwetsa makungwa nayonso ndi mbiri yoipa.

Mtengo wogwidwa amaudula msanga, mphutsi zisanamere mapiko, n'kuutulutsa kukauunjika mtunda wa mamita osachepera 500 kuchoka pa spruce wina. Zikavuta amausenda pomwepo. Kusenda kumathandiza ngati m'katimo muli mphutsi zoyera, zimene zimafa ndi dzuwa. Mukakhala kale tizilombo tofiirira, makungwawo ayenera kuwotchedwa kapena kukulungidwa, apo ayi mwangotitsegulira njira. Misampha ya fungo ilipo, koma ntchito yake n'kudziwitsa kuti tayamba kuuluka, siingathetse mliri. Kupopera mankhwala mtengo uli chiimire n'kutaya ndalama, pakuti tizilomboti tili kuseri kwa khungwa. M'nkhalango zotetezedwa monga Harz ya ku Germany, mitengo yambiri youma amangoisiya kuti tchire lidzimerere lokha, zimene eni minda oyandikana nawo samakondwera nazo. Pobwezeretsa minda, tsopano akusakaniza spruce ndi mitengo ya beech, oak ndi mitundu ina.

Za ku Dedza: kachilombo kameneka ndi ka spruce, si ka paini wanu. Koma abale ake alipo, monga Orthotomicus erosus amene anafika ku South Africa kuchokera ku Europe ndipo amagwira paini wofooka. Choncho patulirani mitengo pa nthawi yake kuti isalimbirane madzi, limani mizere yotchinga moto chifukwa paini wowauka ndi amene amayamba kugwidwa, ndipo musasiye zipika zamakungwa zitaunjikidwa m'munda kwa milungu. Mukaona timabowo ndi utuchi pamtengo wobiriwira, sendani kachidutswa ka khungwa, muike tizilomboto m'kabotolo, mupite nato kwa alangizi a zankhalango a m'boma lanu kapena ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba.