Mafunso a Owerenga: Ntchito Yosamalira Ana Odwala Matenda a Magazi

Funso: Ndili m'chaka chomaliza cha sekondale, ndipo mlongo wanga wamng'ono anabadwa ndi matenda a sickle cell. Ndakula ndikumuona akugonekedwa m'chipatala kambirimbiri, moti ndikulakalaka kudzakhala dokotala wa ana onga iyeyu. Kodi ntchito imeneyi ndi yotani, nanga munthu amadzera kuti kuti aifikire? *Mnyamata wa kusekondale*

Yankho: Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ntchito mukuifunayi imatchedwa pediatric hematology, ndipo ndi ukatswiri wofufuza ndi kuchiza matenda a magazi mwa ana. Magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo muli maselo ofiira onyamula mpweya wa okosijeni, maselo oyera olimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, komanso timaselo ndi mapuloteni othandiza kuti magazi aundane munthu akavulala. Chilichonse mwa zimenezi chikasokonekera chimabweretsa matenda akeake, ndipo onsewo amafika m'manja mwa katswiri ameneyu.

Tiyambe ndi amene mukuwadziwa kale. Dokotala wa ku Chicago dzina lake James Herrick ndiye anafotokoza koyamba matenda a sickle cell mu 1910, ataona maselo ofiira opindika ngati zenga m'magazi a wodwala wake, ndipo mu 1949 Linus Pauling ndi anzake anasonyeza kuti vuto lili mu hemoglobin, puloteni yonyamula mpweya ija. Selo lofiira labwinobwino limakhala masiku pafupifupi 120, pomwe lopindikalo limatha pa masiku 10 mpaka 20, n'chifukwa chake mwanayo amachepa magazi. Maselo opindikawo amatsekanso timitsempha ting'onoting'ono, ndipo apa ndi pamene pamachokera ululu umene mwakhala mukuuona pa mlongo wanu. Ana oposa 300,000 amabadwa ndi matendawa chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa, kumwera kwa chipululu cha Sahara. Ndipo poti ndinu m'bale wake, ndi bwino kuti nanunso mukayezetse, chifukwa makolo onse awiri akakhala ndi mbewu ya matendawa, m'bale wosadwala amakhala ndi mpata wa magawo awiri mwa atatu woti anaitengera ngakhale samva kalikonse m'thupi.

Chimene ndikufuna muchimvetse kwambiri n'chakuti gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kutchinjiriza ngozi isanafike, ndipo limachitika mwakachetechete, mwezi ndi mwezi. Kapamba wa mwana wa sickle cell amawonongeka adakali wamng'ono, motero tizilombo timene kapambayo akanasefa timatha kumupha pa maola ochepa. Kafukufuku amene anatuluka mu 1986 anapeza kuti kumwetsa ana otere penicillin tsiku lililonse kumachepetsa kwambiri matenda oopsawa, ndipo zimenezi zinalimbikitsa kuyeza makanda akangobadwa kuti chithandizo chiyambe msanga. Palinso makina oyezera liwiro la magazi m'mitsempha ya mu ubongo, amene amasonyeza mwana yemwe ali pachiopsezo cha sitiroko kuti ayambe kuwonjezeredwa magazi isanamugwere. Mankhwala a hydroxyurea amachulukitsa hemoglobin ya mtundu umene mwana amakhala nawo ali m'mimba, ndipo kafukufuku wotchedwa REACH, amene anachitika ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, anasonyeza kuti ana omwa mankhwalawa amamva ululu mwa apo ndi apo, sawonjezeredwa magazi pafupipafupi, ndiponso imfa zimachepa. Koma mankhwala amenewa amafuna munthu woyeza magazi nthawi ndi nthawi, wosintha mlingo mwana akamakula, ndi wolimbikitsa makolo kuti asaleke mwana akayamba kuoneka bwino. Munthu ameneyo mungadzakhale inu.

Mudzakumananso ndi anyamata a hemophilia, amene magazi awo saundana chifukwa chosowa puloteni yotchedwa factor VIII kapena factor IX, ndipo amatha kukha magazi mkati mwa bondo kapena chigongono mpaka kulumala. Mudzaona ana a thalassemia, amene matupi awo sapanga hemoglobin yokwanira, ofunika kuwonjezeredwa magazi pakangotha milungu ingapo komanso kumwa mankhwala ochotsa ayironi wounjikana m'thupi. M'mayiko ambiri katswiri yemweyu ndiyenso amachiza khansa ya ana.

Njira yake ndi yaitali, ndipo sindikubisirani. Panopa limbikirani masamu, bayoloji, kemisitiri ndi fizikisi. Kenako pali digiri ya udokotala, imene m'mayiko ambiri imatenga zaka 5 kapena 6, ndipo ikatha mumagwira ntchito chaka kapena ziwiri moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu. Pambuyo pake mumaphunzira ukatswiri wa matenda a ana kwa zaka 3 mpaka 5, n'kumalizira ndi zaka zina 2 kapena 3 za matenda a magazi okhaokha. Zonse pamodzi zimaposa zaka 10, koma zambiri mwa zakazi mumakhala muli kale m'wodi, mukuthandiza ana enieni.

Kutalika kwa zakazi si kumene kumandidetsa nkhawa. Funso lenileni ndi lakuti kodi mungathe kukhulupirira mwana akakuuzani kuti akumva ululu umene inu simukuuona, chifukwa ululu wa sickle cell ulibe bala loti munthu aloze, ndipo odwala ambiri amadandaula kuti amawakayikira ngati ongofuna mankhwala. Inu mwakhalapo usiku pambali pa mlongo wanu, choncho phunziro limeneli muli nalo kale. Muchenjere ndi chinthu chimodzi chokha: mwana aliyense wolira adzakukumbutsani za iye, ndiye muzolowere kuyambira tsopano kukhala ndi munthu womuuza zakukhosi.

Funso: Mwana wanga wamkazi amafuna ntchito yomweyi koma sanapeze malo kusukulu ya udokotala. Kodi maloto ake athera pomwepa? *Mayi wodandaula*

Yankho: Ayi mayi, sanathe. Dokotala wa matenda a magazi sangachite kanthu popanda katswiri wa kulabotale, amene amapaka dontho la magazi pagalasi, kuliyang'ana pa maikulosikopu ndi kuzindikira maselo olakwika, ndipo kawirikawiri iyeyu ndiye amayamba kuona kuti mwana ali ndi khansa ya m'magazi. Kumalo osungira magazi kumafunika anthu osamala kwambiri, chifukwa thupi la mwana wowonjezeredwa magazi kambirimbiri limayamba kukana magazi ena, motero kumupezera oyenerana naye ndi luso lapadera. Anamwino nawo ndi amene amakhala ndi mwana nthawi yaitali kuposa wina aliyense, ndipo ndi iwo amaphunzitsa mayi kupapasa pamimba pa mwana kuti adziwe ngati kapamba watupa, kapena kuphunzitsa mnyamata wa hemophilia kudzibaya yekha mankhwala. Palinso akatswiri a mankhwala, othandiza kuwongola ziwalo, ndi alangizi ofotokozera banja mmene matendawa amayendera kumtundu. Ntchito yomalizayi ine ndimailemekeza kwambiri, chifukwa si kamodzi mayi amalozedwa chala kuti ndiye anabweretsa sickle cell m'banja, pomwe mwana amatengera kwa bambo ndi mayi omwe, ndipo pa mimba iliyonse ya makolo otere mpata woti mwana adwale ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Muuzeni mwana wanuyo ayang'ane maphunziro a unamwino kapena a zakulabotale, ndipo akayamba ntchito apemphe kuikidwa kuwodi ya ana.

Funso: Ndine namwino ndipo ndikuganiza zosamukira kugawo limeneli, koma ndikuopa kuti ndizingoona ana akumwalira. Kodi ndi mmene zilili? *Namwino wa kuwodi ya akuluakulu*

Yankho: Imfa mudzaziona ndithu, ndipo zidzakupwetekani kwambiri chifukwa mudzakhala mukuwadziwa anawo ndi makolo awo kwa zaka. Komabe ndi magawo ochepa a zachipatala amene asintha ngati limeneli. Pamene Sidney Farber wa ku Boston analengeza mu 1948 kuti mankhwala a aminopterin abweza khansa ya m'magazi kwa kanthawi mwa ana ena, pafupifupi mwana aliyense wodwala matendawa ankamwalira pa miyezi yochepa. Lero, m'mayiko olemera, ana pafupifupi 90 mwa 100 alionse odwala mtundu wofala kwambiri wa khansayi amachira. M'mayiko ambiri osauka, ana ochira khansa sakwana 30 mwa 100 alionse, ndipo mu 2018 bungwe la WHO linakhazikitsa cholinga choti chiwerengerochi chifike 60 padziko lonse pofika 2030. Zina mwa zimene zimabwezera chiwerengerochi m'mbuyo ndi kuchedwa kuzindikira matenda, kusiyira mankhwala panjira, ndi kutentha thupi kosathamangiridwa, ndipo zonsezi namwino watcheru amatha kuzichepetsa. Musanasankhe, pemphani akuluakulu anu kuti akuloleni kukagwira ntchito kumeneko kwa milungu ingapo, ndipo mukaonetsetse kuti mwakhalapo pa tsiku la kiliniki ya ana obwera kudzapimidwa kuchokera kunyumba, osati kuwodi kokha.