Mabayiti atatu anandigoneka ku Senga Bay

Achimwene, ndangoona funso lanu lija loti PHP ikukutulutsirani error ya "headers already sent" pomwe code ikuoneka bwinobwino mu editor, mtima wanga wagunda. Musasinthe kaye kalikonse. Tsegulani terminal mulembe file config.php, kenako head -c 3 config.php | xxd kuti muone mabayiti atatu oyambirira a fayiloyo (pa config.php ikanipo dzina la fayilo imene error yanu ikuloza). Ikatulutsa efbb bf, mfiti yanu ndi imeneyo, BOM (byte order mark), mabayiti atatu obisika kumayambiriro kwa fayilo.

Ine zinandionekera chaka chatha pa loji ina ku Senga Bay. Sisitimu yawo yosungitsira zipinda anailemba mu PHP mnyamata wina amene atangolandira ndalama zake anazimitsa foni mpaka lero. Lachisanu madzulo login yakana, alendo a ku Lilongwe ali m'njira. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto pa Kamuzu Road, laputopu kumsana, ndikudziuza kuti ndi ntchito ya mphindi 20.

Error inkaloza config.php mzere 1. Mzere 1 muli <?php basi. Ndinaupenyetsetsa mpaka maso kuwawa. Ndinayesa cat, ndinamenya grep -rn "echo" . kusaka chimene chikutuluka session_start (imene login imadalira) isanayambe, osapeza kanthu. Cha m'ma 7 magetsi anazima, batire yatsala 18%, bandulo pa hotspot ikutha, udzudzu wa kunyanja ukundimaliza akakolo. Abwana a pamalopo aima kumbuyo kwanga ndi tochi, akundipumira m'khosi: "Paja munati mumawadziwa makompyuta, eti?" Ine thukuta kamukamu, pakamwa gwa. Mlendo wina anali atayamba kale kukalipa pa risepushoni, mlonda akulemba mayina pa kabuku ka sukulu.

Posowa chochita ndinangolemba file *.php, ndipo pa config.php panatuluka "with BOM" komanso "with CRLF line terminators" (kutanthauza kuti mizere ikuthera mwa kachitidwe ka Windows). BOM ndi mabayiti atatu aja, EF BB BF, amene Notepad yakale inkawaika kumayambiriro ukasunga fayilo ngati UTF-8. Maso sawaona, koma PHP imawatumiza ku browser header (uthenga umene umayenera kutsogola tsamba lisanatumizidwe) isanapite, basi login yafa. Madzulo onse aja chifukwa cha timabayiti titatu!

Koma mnyamata uja, ayi ndithu. Git, yosungira mbiri ya zosintha mu code, analibe. Mu foda munali config_new.php, config_new2.php ndi config_FINAL.php, ndipo nditaziyerekeza ndi diff kusiyana kwake kunali mzere umodzi wokha, wa password ya database. cat -A inaonetsa ^M, chizindikiro cha CRLF ija, kumapeto kwa mzere uliwonse. Munthu wotere amadzitcha developer pa Facebook, kumalandira ndalama za anthu, ife kumakolopa zonyansa zake usiku ndi udzudzu. Ndikadzakumana naye pa depoti tidzacheza bwino.

Langizo langa, musamagwire server imene anthu akugwiritsa ntchito musanakopere fayilo pena, cp config.php config.bak sizitenga ngakhale sekondi. Ngakhale kunena zoona ine ndinangomenya sed -i '1s/^\xEF\xBB\xBF//' config.php kuchotsa mabayiti atatu aja pomwepo popanda kukopera, zinatheka, alendo analowa m'zipinda. Phunzirani terminal, koma ngati muli pa VS Code yang'anani pansi kumanja, imalemba "UTF-8 with BOM" poyera, ine ndiye sindinayang'ane.

Pa head -c 3 ija, xxd ikatulutsa 3c3f 70 ndiye kuti BOM mulibe. Zikatero thamangani ndi tail -c 20 config.php | xxd muone ngati pali mizere yopanda kanthu pambuyo pa ?> yomaliza, ndipo ?> imeneyo mungoifufuta, PHP siyifuna kumapeto kwa fayilo.