Tsiku la King ndi lathunso, achemwali

Achemwali, mwati tsiku la King, holide yokumbukira Martin Luther King amene ankamenyera ufulu wa anthu akuda, ndi la anthu akuda obadwira kuno ku America, ife obwera pa ndege silikutikhudza, bola mungotenga shifiti. Ndawerenga ndili pa bureki ndipo mtima wandiwawa, chifukwa mawu amenewo inenso ndinkawanena ndi pakamwa panga, mpaka tsiku limene ndinaima pakhomo pa munthu ndi mwana wanga, dipoziti ili m'chikwama.

Unali mwezi wa Januwale womwewu, kuno ku Chicago. Tinali titagona pabalaza pa mnzanga miyezi isanu ndi iwiri, ine ndi mtsikana wanga, nthawi imeneyo ali ndi zaka 6. Ndinaona nyumba pa intaneti, zipinda ziwiri, sukulu pafupi, basi ikuima pakhomo penipeni. Ndinalemberana ndi mwini wake pa imelo masiku atatu. Dzina langa la ubatizo ndi lachizungu, ndiye bamboyo anali wokoma ngati uchi. Anati nyumba ilipo, bwerani Loweruka 10 koloko ndi mapepala a malipiro anu. Ndinaweruka shifiti ya usiku 7 koloko m'mawa, sindinagone, ndinamupesa mwana bwinobwino, ndinamuveka diresi lake la ku tchalitchi mkati mwa jekete. Tinakwera mabasi awiri, kunja kukuzizira koti zala sukuzimva.

Atatsegula chitseko anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, kenako anayang'ana mwana. Nkhope yake inasintha ine ndikuona. Ndinapereka moni, ndinatchula dzina, anandifunsa kawiri kuti ndine ndani. Kenako akuti nyumba yatengedwa usiku wathawu. Ndinati koma bambo, mwandilembera m'mawa uno 8 koloko kuti ndibwere. Ndinatulutsa foni kuti ndimuonetse, dzanja likunjenjemera, golovesi linagwera pa snow. Sanayang'ane n'komwe. Anangofunsa kuti kwanu n'kuti. Nditati ku Malawi, anati anthu a m'nyumba muno sakonda fungo la zakudya zachilendo. Makiyi a nyumbayo anali m'manja mwake, ndinkawamva akulira. Anatseka chitseko pang'onopang'ono ngati akutsekera galu kunja. Mwana wanga anatola golovesi lija, anandipatsa, n'kuloza m'mwamba, amvekere, amama, zenera la chipinda changa ndi liti pamenepo? Ndinalephera kuyankha. Ndinakalirira pa siteji ya basi nditatembenuka kuti asandione, misozi ikuuma pa masaya ndi chisanu.

Lolemba mnzanga wa kuntchito, nesi wachizungu, anamuimbira bambo uja ine ndili pambali pake. Bamboyo akuti nyumba ilipo mayi, mubwera liti? Lolemba limenelo linali tsiku la King, achemwali, TV ya m'chipinda cha odwala ikuonetsa ana a sukulu akuimba. Bambo uja sindinamukhululukire mpaka lero, sindikufuna kunama. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kunamiza mwana wa zaka 6 maso ali gwa. Ukanangonena pa imelo kuti sufuna Maafirika ndikanagona nditaweruka, ndalama za basi ndikanasunga. Unandiyendetsa m'chisanu kuti udzandione khungu kaye.

Amene ananditsegula maso ndi agogo ena akuda a kuno amene ndinkawasamalira, okulira ku North Lawndale, dera la konkuno ku Chicago. Anandiona maso atatupa, ndinawafotokozera, ndipo anandikhazika pansi ngati mdzukulu wawo. Anati mwanawe, King anabwera mumzinda uno mu 1966 chifukwa cha nkhani yako yomweyi. Anachoka ku Atlanta n'kudzachita lendi nyumba yakutha pa Hamlin Avenue kuti dziko lione mmene akuda ankakhalira, atapanikizidwa m'madera ochepa, akulipira lendi yokwera pa nyumba zodzaza makoswe. Pa 5 August chaka chomwecho akuguba ku Marquette Park, konkuno ku Chicago, azungu anamugenda mwala pamutu mpaka anagwada. Lamulo loletsa tsankho pa nyumba linkangokanidwa ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lino. King anamuwombera n'kumupha pa 4 April 1968 ku Memphis, ali pa khonde la Lorraine Motel, kumene anapita kukaima ndi anthu otola zinyalala amene ankanyanyala ntchito anzawo awiri ataphwanyidwa m'galimoto ya zinyalala. Patangotha sabata imodzi, pa 11 April, Pulezidenti Johnson anasainira lamulo lija, Fair Housing Act. Agogo aja anati lamulo limenelo linagulidwa ndi maliro. Ndipo mukaliwerenga silikunena za khungu lokha, likuletsanso kukaniza munthu nyumba chifukwa cha dziko limene anachokera. Kodi amenewo si ife?

Ngakhale ndege imene mukunenayo. Chisanafike chaka cha 1965 malamulo olowera m'dziko lino ankakondera anthu a kumpoto ndi kumadzulo kwa Ulaya, ife a ku Africa ndi a ku Asia chitseko chinali chongotsala kang'ono. Anasintha lamulolo chaka chomwe anapereka Voting Rights Act, lamulo loteteza ufulu wovota, patangotha chaka chimodzi chikhazikitsireni Civil Rights Act ya 1964, lamulo loletsa tsankho. King sanalilembe ndi dzanja lake, koma linatuluka m'mphepo yomweyo, dziko litachita manyazi ndi nkhanza zimene linaona apolisi akuchitira anthu akuda ochita zionetsero ku Birmingham ndi ku Selma. Ndiye zimandipweteka ndikamamva anzathu pa maphwando athu akunyoza anthu akuda a kuno kuti ndi aulesi, ife ndiye olimbikira. Tinapeza munda wolima kale. Tsiku la King lenilenili linalimbiridwa zaka 15, Pulezidenti Reagan anasainira mu 1983, linayamba mu 1986, ndipo dera la Arizona linachita kulandidwa mwayi wochititsa Super Bowl ya 1993, fainolo ya mpira wa ku America, chifukwa chokana kulilemekeza.

Tsono zikakuchitikirani, musafufute uthenga ngakhale umodzi. Jambulani chilengezo cha nyumbayo, lembani tsiku ndi nthawi, pezani mnzanu wachizungu aimbe foni. Dandaulo limapita ku HUD, nthambi ya boma yoona za nyumba, chaka chisanathe, salipiritsa, ndipo kuli mabungwe amene amatumiza anthu awiri, wakuda ndi mzungu, kukayesa mwini nyumba yemweyo. Musakhale chete, anthu amenewa amanenepa ndi chete wathu. Ine sindinakadandaule. Mapepala anga anali asanatuluke, ndinkaopa dzina langa kulowa mu ofesi iliyonse ya boma, ndipo nyumba ndinaipeza kudzera kwa mayi wina wa ku tchalitchi cha agogo aja. Ngati anunso ali m'njira, ganizani kaye, funsani loya, nthawi zina bola kungochoka mwakachetechete mwana apeze pogona.

Za shifitiyo, ngati akulipira owonjezera itengeni ndithu, lendi sidikira, ndipo eni nyumba ambiri amafuna uonetse kuti umalandira katatu kuposa lendiyo. Koma musawauze ana kuti tsikuli si lawo. Ine Lolemba ndilowa 3 koloko masana. M'mawa ndimutenga mtsikana wanga ku Marquette Park, pali chikumbutso cha njerwa chimene anamanga mu 2016 pokumbukira ulendo uja wa miyala. Mgalimoto muli malo a anthu atatu, amene ali pafupi andilembere ku inbox, muwaveke ana zofunda zokwanira.