Kodi Mauthenga Abwino ndi mbiri, kapena anangokopera Chipangano Chakale?

Mayi wina amene amaphunzitsa Sande sukulu wandilembera imelo. Mwana wawo wa ku koleji wawauza kuti nkhani ya Yesu kudyetsa anthu 5,000 anangoikopera kwa Elisa. Ndiye akufunsa kuti: "Mabuku anayi aja ndi mbiri yeniyeni kapena nthano zosokerera?"

Mayi, pa za Elisa mwana wanuyo sananame. Tsegulani 2 Mafumu 4:42-44. Munthu akubwera ndi mikate 20 ya barele, Elisa akuti apatseni anthu adye, mtumiki akuwiringula kuti anthu 100 singawakwane, anthu akudya, ina n'kutsalako. Ikani pambali pake Marko 6, muona mapazi ake ndi omwewo. Yohane 6:9 amachita kutchula kuti mikate ya mnyamata uja inali ya barele. Pomwe ndikusiyana naye mwana wanuyo m'pakuti iye akuyesa wagwira mbala, chonsecho olembawo sankabisa. Ankafuna owerenga amukumbukire Elisa, kenako aone kuti apa mikate ndi 5 yokha koma anthu ndi 5,000.

Nanga mabukuwa ndi amtundu wanji? Kale akatswiri ngati Rudolf Bultmann ankati si mbiri ya moyo wa munthu, ndi ulaliki wa mpingo. Mu 1992 katswiri wina, Richard Burridge, anawayerekeza ndi mabuku a Agiriki ndi Aroma ofotokoza miyoyo ya anthu otchuka, ndipo ambiri lero amagwirizana naye. Mabuku amenewo sankayenda chaka ndi chaka. Ubwana ankaudumpha kapena kungoukhudza, n'kusankha zochita ndi zonena zoonetsa khalidwe la munthuyo, koma pa imfa yake ankakhalitsapo. Plutarch, Mgiriki wolemba mabuku otere, poyamba nkhani ya mfumu Alexander Wamkulu, ananeneratu kuti akulemba miyoyo, osati mbiri ya nkhondo zonse. Marko, amene analembedwa m'Chigiriki cha m'ma 70 AD, nthawi yomwe Aroma anagwetsa kachisi wa ku Yerusalemu, alinso choncho. Za kubadwa kwa Yesu mulibe, koma machaputala 11 mpaka 16 onse ndi a sabata yomaliza. Ngakhale Papias, bishopu wa m'zaka za m'ma 100, anavomera kuti Marko sanalembe zinthu mwa ndondomeko yake.

Komabe chifaniziro cha Plutarch chimathera panjira. Marko asanamuonetse Yesu n'komwe, wayamba kale ndi Malaki ndi Yesaya. Olemba Mauthenga Abwinowa anakulira m'Malemba, makamaka Septuagint, Baibulo la Ayuda la m'Chigiriki, ndipo ankaganizira momwemo. Nyimbo ya Mariya mu Luka 1 ndi mphukira ya pemphero la Hana mu 1 Samueli 2. Mateyu amamujambula Yesu ngati Mose watsopano: mfumu yopha makanda, ulendo wa ku Igupto, chiphunzitso cha paphiri. Amagwiranso Hoseya 11:1, pamene Mulungu akuti anaitana mwana wake kutuluka m'Igupto, vesi limene kwa Hoseya linkanena za mtundu wa Israyeli potuluka mu ukapolo, osati za mwana wodzabadwa. Kwa Mateyu si vuto, chifukwa akunena kuti Yesu akuyendanso njira imene Israyeli anayenda.

Mlaliki pamaliro akamafotokoza mavuto a malemu ndi mawu a Yobu, palibe amaganiza kuti malemuyo sanadwale. Taonani za mtanda. Asilikali kuchita maere pa zovala, odutsa kupukusa mitu, kufuula kwa Yesu pa Marko 15:34, zonsezi zikuchokera mu Salimo 22. Koma zoti anaphedwa mu ulamuliro wa Pilato analembanso Tacitus, Mroma amene Akhristu sankawafuna n'komwe. Mesiya wopachikidwa chinali chamanyazi, chosati munthu n'kuchipeka. Ine ndimaona kuti imfa ndiyo inayamba, ndipo ophunzira, atasokonezeka, anapita kukafufuza tanthauzo lake m'Masalimo ndi mwa Yesaya.

Sindikuti nkhani zonse zili ndi umboni wofanana, ayi. Kuphedwa kwa ana ku Betelehemu kuli mwa Mateyu yekha, ndipo Josephus, Myuda wolemba mbiri amene analemba nkhanza zambiri za Herode, sakutchulapo. Pamenepa akatswiri amagawanika, ena akuti zinachitika m'kamudzi kakang'ono kosatchuka, ena akuti Mateyu anaumba nkhaniyo potengera Farao. Nkhani iliyonse imafunika kuiyeza payokha.

Mwana wanuyo akabwera kuholide, mupatseni Luka 7:11-17 ndi 1 Mafumu 17:17-24, za ana awiri a akazi amasiye. Apeze yekha chiganizo chimene Luka anatenga kwa Eliya, kenako mumufunse chifukwa chake Eliya anadzitambasula pa mwanayo katatu uku akupemphera, pomwe Yesu anangokhudza chithatha n'kulamula mnyamatayo kuti adzuke.