Akuti za mu browser n'zoseweretsa ana

Ndalandira imelo kuchokera ku Ulónguè, kwa mtsikana amene akumaliza sekondale. Akufuna kuyamba kupulogalama timabolodi ta microcontroller (tikompyuta tating'ono ta pa chip imodzi, toyendetsa zinthu monga nyali ndi masensa), koma laputopu ndi yobwereka ndipo mwini wake salola kuikamo pulogalamu yatsopano. Wina wamuuza kuti compiler (pulogalamu yomasulira code kuti chip iimve) yogwira ntchito mu browser ngati Chrome n'choseweretsa ana. Akufunsa ngati n'zoona.

Achemwali, mawu amenewo andiwawa chifukwa anthu olankhula chonchi ndimawadziwa. Kusukulu kumene ndinaphunzira ine chipinda cha makompyuta chinalipo ndithu, koma chokhoma. Makompyuta ovindikira ndi nsalu kuopa fumbi, kiyi ali m'thumba mwa aphunzitsi. Code tinkalemba m'kope, iwo n'kumachonga ndi cholembera chofiira. Ukaiwala semicolon (;), akuchotsera malikisi, koma osakuonetsa chimene makina akanachita. Ndinakhoza mayeso ndisanaonepo ngakhale kanyali kamodzi katayaka chifukwa cha zomwe ndalemba. Anthu a mtima umenewo ndi omwe lero akunyoza browser. Kwa iwo chinthu chikaphweka ndiye kuti n'chabodza. Ine ndikuti ndi kaduka basi: anavutika, ndiye akufuna nafenso tivutike.

Ntchito ya compiler ndi kusandutsa zimene mwalemba kukhala fayilo yomwe chip ingamve. Chip ya mu bolodi ya Arduino Uno, ATmega328P, siifunsa kuti fayilo yaphikidwira kuti. Funso loyenera ife a kuno ndi lina: kuphikako kukuchitikira mu laputopu mwanumo kapena pa seva, kompyuta yakutali ya pa intaneti? Editor ya pa intaneti ya Arduino imatumiza code ku seva, ndiye netiweki ikathawa mwaima, komanso pa laputopu wamba imafuna muikemo kapulogalamu kolumikizira bolodi, komwe mwini laputopu wakana kale. MakeCode ya Microsoft, yomwe imagwira ndi kabolodi kophunzirira kotchedwa micro:bit, imaphikira mu browser momwemo, ndipo mukaitsegula kamodzi imapitiriza kugwira ntchito popanda intaneti. Kwa munthu wogula mamega pang'onopang'ono, nkhani yagona pamenepo.

Ndipo za magetsi musandiyambitse. Damu la Cahora Bassa ku Songo limatha kutulutsa 2,075 MW, ambiri n'kumapita ku South Africa, pamene kumidzi yambiri foni timachajira pa sola. N'chifukwa chake micro:bit ndimaikonda: ikalandira pulogalamu imayenda ndi mabatire awiri a AAA. Mutha kupita nayo kudimba. Misomali iwiri m'nthaka, mawaya awiri, iyo n'kumayeza mmene magetsi akudutsira, popeza nthaka yonyowa imawadutsitsa bwino kuposa youma. Taganizani alimi a kachewere ku Angónia ndi Tsangano, othirira ndi khasu ndi ngalande nyengo yachilimwe. Wina andiuze kuti zimenezo n'za ana!

Nanga muyambe bwanji?

Musadikire bolodi. Tsegulani makecode.microbit.org mu Chrome, muli micro:bit yoyeserera yokhala ndi tinyali 25 ndi mabatani A ndi B. Sanjani mabuloko a malamulo, kenako dinani JavaScript kapena Python (zinenero zolembera code) muone zomwezo zitalembedwa m'mawu. Apo ndi pophunzirira kwenikweni. Mukafuna Arduino kapena bolodi ina yotchedwa ESP32, webusayiti ya Wokwi imaziyeserera, koma iyo imafuna intaneti. Bolodi ikapezeka, ilumikizeni, ioneka ngati fulashi yotchedwa MICROBIT, kokerani mmenemo fayilo ya .hex yomwe MakeCode yaphika. Ikapanda kuoneka, yambani mwakayikira chingwe cha USB, chifukwa zina zapamsika n'zochajira zokha, sizidutsitsa data.