Funsani za Chilengedwe: Kodi ndithire tameki pa mbuzi imene fisi wasiya?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine mlimi wa kwa Mwansambo ku Nkhotakota. Mwezi wathawu fisi anathyola khola langa usiku n'kugwira mbuzi ziwiri, ina anaisiya theka kuseri kwa chulu. Anzanga akuti zikadzachitikanso ndidzawaze tameki pa nyama yotsalayo kuti akabwerera afere pomwepo. Akuti afisi, miimba ndi akhwangwala n'zonyansa zodya zakufa, zilibe phindu. Nditani?

YANKHO: Bambo, pepani kwambiri. Mbuzi ziwiri ndi fizi ya mwana, ndi feteleza wa chaka chino, ndiye mkwiyo wanu ndikuumvetsa. Koma tamekiyo musathire, chonde.

Ndili mnyamata ndinkaweta ng'ombe za agogo anga kudambo la ku Lifuwu ku Salima. Chilimwe china ng'ombe yokalamba inasowa, ndipo tinaipeza itafa m'bango, mimba itatupa ngati ng'oma. Agogo anati isiyeni, imeneyo si ndiwo. Ine ndinkaizembera tsiku ndi tsiku. Ntchentche zobiriwira zija zinali zitaikira kale timazira toyera ngati gaga m'makona a maso ndi m'mphuno, ndipo kutacha tinali titasanduka mphutsi. Akhwangwala anatola maso. Dzuwa litakwera ndinaona kadontho kamodzi kumwamba, kenako tiwiri, kenako thambo lonse miimba ikuzungulira. Inatera n'kumakankhana, makosi aatali opanda nthenga zenizeni akulowa mpaka m'nthiti. Usiku tinamva afisi akulira. Sabata isanathe panatsala nyanga, ziboda ndi ndowe za fisi zoyera ngati laimu, chifukwa fisi amaphwanya ndi kugaya mafupa omwe. Fungo linatha. Mvula itagwa, udzu wa pamenepo unabiriwira kuposa dambo lonse.

Nthawi imeneyo ndinkangoona ngati masewera. Ndinadzadziwa nditakula kuti m'mimba mwa muimba muli asidi wamphamvu kwambiri, wopha tizilombo tambiri toyambitsa matenda, ngakhale ta anthrax, nthenda imene inapha mvuu zambiri mu Shire ku Liwonde kumapeto kwa 2018. Nyama yowola ikalowa mwa muimba, matenda ambiri amathera momwemo. Galu kapena khoswe akadya nyama yomweyo amabwera nawo matendawo kumudzi, pakhonde pomwe ana akusewera.

Ku India anaziona. M'zaka za m'ma 1990 alimi ankabaya ng'ombe mankhwala ochepetsa ululu otchedwa diclofenac. Miimba yodya ng'ombe zakufa inkawonongeka impso, ndipo pa miimba 100 iliyonse ya mitundu ina, yoposa 95 inatha. Mitembo ya ziweto inayamba kuwolera poyera, agalu osowa mwini anachuluka, ndipo kumene kwachuluka agalu otere chiwewe sichichedwa. Boma linaletsa mankhwalawo pa ziweto mu 2006, koma mbalamezo sizinabwererebe mwakale. Chifukwa chake n'chakuti muimba umaikira dzira limodzi lokha pachaka, ndipo mwana wake amatenga zaka zingapo asanayambe kuswa. Si nkhuku yoti mawa muona anapiye khumi.

Tsono taganizirani theka la mbuzi yanu lija lili ndi tameki. Poizoni sasankha. Fisi akhoza osabwerako n'komwe usiku umenewo, koma m'mawa afika agalu a m'mudzi, mwina wanu yemwe, afika akhwangwala ndi mphamba, nkhuku zidzatola mphutsi, mvula idzakokolera zotsala kumtsinje kumene amayi amatunga madzi. Miimba ndiye imafa mwaunyinji, poti imaitanana: umodzi ukatsika, ina yomwe ili kutali imaona n'kutsatira. Ku Botswana mu June 2019 miimba 537 inafera pa mitembo itatu yokha ya njovu imene opha nyama mozembera anaithira poizoni. Ndipo tisabisane, alipo anthu amene amatola nyama yoti saidziwa imfa yake n'kukaotcha kanyenya pamsika. Zimenezi zimandiopsa kuposa fisi.

Nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri inu a ku Nkhotakota. Nkhalango yanu yosungira nyama, yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, inali itatsala pang'ono kuuma nyama. Bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira pamodzi ndi boma mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, pamodzi ndi nyama zina zambiri. Kumene kuli nyama zamoyo kumakhalanso zakufa, ndiye pafunika ozichotsa. Ku Liwonde miimba inali itasowa kwa zaka, koma itabwezeretsedwa nyama yolusa ya cheetah mu 2017, kenako mikango mu 2018, inayambanso kutera pa zotsala zawo. Mbalamezi sizidziwa waya wa mpanda; zimauluka makilomita ambirimbiri tsiku limodzi, moti muimba wodya ku Bua m'mawa ukhoza kutera pa chulu chanu masana.

Za fisi, anzanuwo akulakwitsa pang'ono. Fisi wamawangayu si wodya zakufa zokha, ndi mlenje weniweni, n'chifukwa chake wakulowerani m'khola. Za kuti afiti amamukwera usiku ndizisiya, si gawo langa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mukapha mmodzi khola lili lomwelo, mnzake adzapeza khomo lomwelo.

Ndiye yambani ndi khola. Mbuzi zigone m'khola lam'mwamba, la mitengo yolimba yothithikana, chitseko chomanga ndi waya osati luzi, pakuti fisi amakumba pansi ndiponso amakoka ndi mano. Zisagone pachingwe kudimba. Galu wouwa ndi tochi zimathandiza. Fisiyo akapitiriza, kauzeni amfumu ndi a gemu; kuthana ndi nyama yovutitsa ndi ntchito yawo, pomwe kuthira poizoni nyama zakutchire ndi mlandu.

Chiweto chofa chokha mwadzidzidzi, makamaka chikamatuluka magazi akuda osaundana m'mphuno kapena kumbuyo, chimenecho musasende, musadye, musasiyirenso miimba kapena agalu. Itanani alangizi a ziweto, ndipo chikwiriridwe m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime. Theka la mbuzi yogwidwa ndi fisi likwirireninso tsiku lomwelo, kuti asazolowere kupeza chakudya pafupi ndi khola lanu.